Kujambula nkhope za anthu ndi fulashi yotchipa yochotsedwa pa kamera

Ojambula amene angoyamba kumene amafunsa funso limodzimodzi: ndagula fulashi koma nkhope zikutuluka zonyezimira, mphumi ili mbee, pakhoma pali mthunzi wakuda wotsatira mutu, ndiye ndigule fulashi yanji yabwino? Yankho silisintha. Fulashi muli nayoyo ndi yokwanira, vuto ndi pomwe mwaiika. Ikakhala pamwamba pa kamera, kuwala kumachokera komwe lenzi yayang'anira, motero nkhope imaphwatalala ndipo thukuta lililonse limabwezera kuwalako mu lenzi momwemo. Ichotseni, muiike pambali, muikulitse ndi ambulera. Ndalemba zonse pano mwa ndondomeko kuti muzitsatira kamera ili m'manja.

1. Sonkhanitsani zida

Pamafunika zinthu zisanu: fulashi imodzi, trigger, sitandi, bracket ndi ambulera yoyera.

Fulashi ikhale ya manual, kutanthauza yoti mphamvu yake mumaika nokha. Godox TT600 ndi Yongnuo YN560 IV ndi zodziwika pa mafulashi otsika mtengo, ndipo zonse ziwiri zili ndi kawailesi m'kati kolandirira uthenga wochokera ku kamera. Trigger ndi kabokosi kokhala pamwamba pa kamera kamene kamauza fulashi kuti iwombe. Ya TT600 ndi Godox X2T kapena XPro, ya YN560 IV ndi YN560-TX. Godox ndi Yongnuo sizimvana pa wailesi, choncho sankhani kampani imodzi. Trigger ya Godox imapangidwira mtundu wa kamera: yolembedwa C ndi ya Canon, N ya Nikon, S ya Sony, F ya Fujifilm. Fulashi ikakhala pa sitandi ilibe nazo ntchito za mtundu wa kamera.

Sitandi ifike mamita awiri ikatambasulidwa. Bracket ndi kachitsulo kolumikiza sitandi, fulashi ndi ndodo ya ambulera. Ambulera yabwino poyambira ndi yoyera yodutsa kuwala, ya masentimita 84 kapena 110.

Pa mabatire ndi pomwe anthu amataya ndalama. Gulani otchaja a NiMH, a AA, maseti awiri a anayianayi. Eneloop ndi odalirika. Otchaja enieni a AA amakhala pakati pa 1900 ndi 2700 mAh, ndiye mukaona olembedwa 4800 mAh asiyeni, nambalayo ndi yongokopera ogula. Mabatire otchipa a mu tochi ndi mu wailesi amatha mukangowomba kangapo. Chenjeraninso ndi mabatire a lithium olembedwa 14500: kukula kwake n'kofanana ndi AA koma ndi a 3.7V, ndipo amawotcha fulashi.

2. Yang'anani pamwamba pa kamera musanalipire trigger

Pamalo polowetsa fulashi pamakhala timadontho tachitsulo, ndipo kapakati, kakakulupo, ndi kamene kamawombetsa fulashi iliyonse. Makamera ena a Canon, monga 4000D, 250D ndi 2000D zambiri, alibe kadontho kapakatika. Pa makamera amenewa trigger yotchipa ya pini imodzi siigwira ntchito ngakhale pang'ono. Pamafunika trigger yopangidwira Canon, ndipo muiyese pa kamera yanu yomweyo musanapereke ndalama.

Mafulashi akalekale a nthawi ya filimu, amene amapezeka ogwiritsidwa kale ntchito, muwasamale. Ena, monga Vivitar 283 zoyambirira, amatulutsa mavolti opitirira 200 paphazi pake, ndipo akhoza kuwononga kamera kapena trigger ya masiku ano.

3. Lumikizani, muyese

Ikani fulashi ndi trigger pa channel imodzi, kutanthauza nambala ya wailesi yomwe zimamvanirana, ndipo fulashi ikhale pa gulu A. Musasiye channel pa 1, chifukwa aliyense amene sanasinthe ali pomwepo, ndipo paukwati mudzapeza wojambula mnzanu akuwombetsa fulashi yanu. Trigger ikakhala ndi nambala ina yotchedwa ID, ID imeneyo iikeni pa OFF. Dinani batani la TEST. Zimitsaninso mu menyu zoti fulashi izigona yokha.

Amene alibe trigger angaike fulashi pa S1 kapena S2, pomwe fulashi imawomba ikaona kung'anima kwa fulashi ina. S1 imawomba pa kung'anima koyamba. S2 imadumpha kung'anima kwakung'ono kumene kamera imayamba yatulutsa poyeza kuwala, n'kuwomba pa kwachiwiri. Ngati kafulashi ka pa kamera kali pa TTL, pomwe kamera imadziyezera yokha mphamvu ya fulashi, inu n'kuika S1, fulashi yanu iwomba chithunzi chisanajambulidwe, maso aona kung'anima koma chithunzi chituluka chakuda. Njirayi imathandiza m'nyumba muli nokha. Padzuwa imalephera, ndipo pagulu aliyense wojambula amakuwombetserani.

Pomanga ambulera, onani bowo la ndodo pa bracket. Linabooledwa mopendekeka dala kuti fulashi iloze pakati pa ambulera. Mukalowetsa ndodo mbali yolakwika, kuwala kumathera m'mphepete mwa nsalu. Mutu wa fulashi utalikirane ndi nsalu masentimita 40 kapena 50, zoom ya fulashi ikhale pa 35mm. Jambulani ambulerayo fulashi ikuwomba: iyenera kuwala yonse, osati kadontho kapakati pokha. Mwendo umodzi wa sitandi uloze komwe ambulera yaweramira.

4. Ikani kamera pa M (manual)

ISO, yomwe imasintha momwe kamera imamvera kuwala, ichoke pa Auto. White balance, yokonza mtundu wa kuwala, ikhale pa chizindikiro cha fulashi kapena 5500K. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosavuta kuukonza pambuyo pake, ngati mungathe.

Shutter isapitirire malire otchedwa sync speed. Pa makamera ambiri ndi 1/200 kapena 1/250, pa Canon 6D ndi 1/180, pa Sony a6000 ndi 1/160. Chifukwa chake n'chakuti shutter ili ndi makatani awiri, ina yotsegula ina yotseka. Mukathamangitsa kupitirira malirewo, yachiwiri imayamba kutseka yoyamba isanamalize kutsegula, ndiye fulashi ikawomba mbali ina ya chithunzi imakhala yophimbika. Mzere wakuda umene mumauona m'munsi mwa chithunzi ndi katani imeneyo.

A makamera a mirrorless, opanda kagalasi m'kati, muchite zinthu ziwiri zowonjezera. Zimitsani silent shutter, chifukwa pa makamera ambiri fulashi siiwomba ikakhala yoyatsa. Zimitsaninso zoonetseratu kuwala pa sikirini, zimene Canon imati Exposure simulation ndipo Sony imati Setting Effect, apo ayi m'nyumba muzingoona mdima.

5. Jambulani kaye fulashi ili yozimitsa

Sitepe iyi ndi imene ambiri amaidumpha, ndipo mavuto onse a kutsogolo amachokera pamenepa. Chithunzi cha fulashi chimakhala ndi kuwala kuwiri kosiyana: kwa pamalopo, kaya ndi dzuwa kaya mababu, ndi kwa fulashi. Mukayatsa zonse pamodzi simungadziwe kuti cholakwika chili mbali iti.

Mvetsani mawu akuti stop. Stop imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri kapena kukudula theka. Kuchoka pa ISO 200 kupita 400 ndi stop imodzi. Shutter kuchoka 1/60 kupita 1/125 ndi stop imodzi yochepetsa. Mphamvu ya fulashi kuchoka 1/8 kupita 1/4 ndi stop imodzi yowonjezera. Aperture, bowo la lenzi lolowetsa kuwala, imayenda motere: f/2.8, f/4, f/5.6, f/8, f/11, f/16, ndipo nambala ikamakwera kuwala kumachepa ndi theka pa sitepe iliyonse.

Tsopano lamulo lofunika kulisunga pamtima. Shutter imasintha kuwala kwa pamalopo kokha. Mphamvu ya fulashi ndi mtunda wake zimasintha kuwala kwa fulashi kokha. Aperture ndi ISO zimasintha zonse ziwiri pamodzi. Shutter siikhudza fulashi chifukwa kung'anima kumatha mwachangu kwambiri: pa mphamvu ya 1/4 kupita m'munsi sikutenga ngakhale 1/1000 ya sekondi. Kaya shutter yatseguka 1/60 kaya 1/200, kung'animako kumakhala kutalowa konse.

Ndiye zimitsani trigger, muimike munthu pamalo pake, ndipo muyang'ane kumbuyo kwake kokha. Nkhope ide, musadandaule nayo. Tinene kuti muli pakhonde masana, mumthunzi, ndipo pa ISO 100 ndi f/5.6 kamera ikuti kuwala koyenera ndi 1/125. Ikani 1/200. Kumbuyo kutsika pafupifupi stop imodzi, mitundu ya masamba ndi khoma ikhuta bwino, ndipo munthu akadzawalitsidwa adzaonekera yekha kutsogolo. Mukafuna chithunzi chooneka ngati panalibe fulashi, tsitsani pang'ono chabe. Mukafuna kumbuyo kwakuda ndithu, tsitsani ma stop awiri. Chisankho chimenechi chimachitika pano, fulashi isanayatsidwe.

Ngati shutter yafika pa malire koma kumbuyo kukuwalabe, tsitsani ISO mpaka pansi penipeni, kenako tsekani aperture. M'nyumba yambirani pa ISO 400, f/4, 1/60. Musatsike kwambiri pansi pa 1/60 ngati m'chipindamo mukuwala, chifukwa munthu akasuntha mudzaona nkhope yakuthwa yokhala ndi kachithunzithunzi kena m'mphepete.

6. Ikani ambulera pamalo pake

Yambani ndi ambulera ili pambali pa kamera, pakatikati pa kutsogolo kwa munthuyo ndi mbali yake, madigiri 45. Pakati pa ambulera pakhale pamwamba pang'ono pa mutu wake, poweramira kumaso. Kuchoka pa nsalu kufika pankhope pakhale mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ambiri amaiika kutali, mamita atatu, poopa kumutobwa munthu m'maso. Kumeneko n'kutaya mphamvu ndi kufewa komwe. Kufewa kwa kuwala kumadalira kukula kwa chowalacho monga akuchionera wojambulidwayo. Dzuwa la paliwombo limalemba mithunzi yakuthwa chifukwa limaoneka laling'ono, koma kukachita mitambo thambo lonse limasanduka chowala ndipo mithunzi imasungunuka. Ambulera ikayandikira imakula, ikatalikira imachepa.

Zizindikiro ziwiri zikuuzani ngati yakhala bwino. Choyamba ndi mthunzi wa mphuno. Uyenera kugwera pansi ndi pambali pang'ono, kulozera kumapeto kwa mlomo. Ukagona chopingasa pa tsaya, ambulera yatsika kwambiri. Ukadutsa mlomo wapamwamba, yakwera kwambiri. Mukaisunthira kumbali mpaka mthunzi wa mphuno ukumane ndi wa tsaya, patsala kadera kowala ka ngodya zitatu pansi pa diso la mbali yamdima. Kameneko ndi kaikidwe kotchedwa Rembrandt, ndipo kamakhala bwino pa nkhope za abambo ndi achikulire. Chachiwiri ndi kadontho kowala m'maso. Kakhale m'maso onse awiri, chakumtunda kwa diso. Kakasowa, tsitsani ambulera pang'ono kapena munthuyo akweze chibwano.

Munthu wa nkhope yotakata mutembenuzireni mphuno chakumene kuli ambulera, kuti tsaya loyang'ana kamera likhale mumthunzi. Nkhope imaoneka yowondako. Mumuchotsenso pakhoma, pafupifupi mamita awiri, kuti mthunzi wake ugwere pansi kunja kwa chithunzi.

Mbali yamdima ikada mopitirira, musathamangire fulashi yachiwiri. Pepala lalikulu loyera lolimba, nsalu yoyera, kapena khoma loyera limene lili pafupi zimabwezera kuwala kokwanira. Liyandikizeni mpaka tsaya liyambe kuoneka, osati mpaka mbali ziwiri zifanane.

7. Yatsani fulashi, musinthe chinthu chimodzi pa nthawi

Panja mumthunzi, pa ISO 100 ndi f/5.6, yambirani pa 1/4. M'nyumba pa ISO 400 ndi f/4 yambirani pa 1/32 kapena 1/16. Jambulani, muyang'ane nkhope. Yada, kwezani mphamvu. Yawala mopitirira, tsitsani. Kamera musaikhudze, chifukwa kumbuyo munakonza kale.

Mukaona kuti nkhope ili bwino koma kumbuyo mukufuna kuwaleko, chepetsani liwiro la shutter, nkhope siisintha kwenikweni. Mukatseka aperture ndi stop imodzi, kwezani fulashi ndi stop imodzi kuti nkhope ibwerere pamene inali. Mukasintha ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi mudzazungulira osadziwa chimene chathandiza.

Mtunda umasintha kuwala kwambiri kuposa momwe ambiri amaganizira. Mukawirikiza mtunda kawiri, kuwala sikutsika theka, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, kutanthauza ma stop awiri. Munthu akabwerera m'mbuyo kuchoka pa mita imodzi kufika pa mita 1.4, mwataya kale stop yathunthu. Ikani chizindikiro pansi pomwe aziponda. Lamulo lomweli limathandiza pa gulu. Fulashi ikakhala mita imodzi kuchoka kwa woyamba ndi mamita awiri kwa womaliza, asiyana ndi ma stop awiri. Mukaibweza kuti woyamba akhale pa mamita anayi, womaliza pa asanu, kusiyana sikukwana stop imodzi. Ndiye pa banja lonse bwezani sitandi, muikweze, ndipo mukweze ISO kufika 800 m'malo moumiriza fulashi pa 1/1.

Mphamvu yonse ya 1/1 muziipewa. Fulashi imachedwa kudzaza, pafupifupi masekondi awiri ndi theka pa mabatire abwino, ndipo imatentha. TT600 ikawomba ka 30 motsatizana pa 1/1 imayamba kudziteteza pochedwetsa kuwomba, ndipo imafuna kupuma mphindi khumi. Pa 1/8 kapena 1/4 imakhala yokonzeka musanamalize kuuza munthu kuti amwetulire.

8. Khungu lakuda ndi zovala zoyera

Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa poganizira khungu loyera, ndipo amene amajambula anthu akuda amasokera akawatsatira m'chimbulimbuli. Pa khungu lakuda, maonekedwe a nkhope amabwera makamaka ndi kunyezimira kofewa kwa pamphumi, pamphuno ndi pamasaya. Kunyezimirako ndi chithunzi cha chowalacho chikubwerera kuchoka pakhungu. Fulashi yopanda ambulera imasiya kadontho koyera kolasa m'maso. Ambulera yapafupi imakumwaza kukhala kuwala kosalala kumene kumaonetsa mafupa a nkhope ndi mtundu weniweni wa khungu.

Choncho mphumi ikanyezimira, kutsitsa mphamvu sikuthandiza: nkhope yonse imada koma kadonthoko kamatsala. Yandikizani ambulera, kapena isunthireni kumbali kuti kunyezimira kusabwerere mu lenzi. Mungathenso kuilozetsa patsogolo pang'ono pa munthuyo kuti alandire kuwala kwa m'mphepete mwa ambulera, kumene kumakhala kofatsa. Khalani ndi tishu m'chikwama. Munthu apsinyize pamphumi ndi pamphuno, osapukuta mokhula, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala kapena ngati wadzola mafuta ambiri.

Ena amapempha kuti muwawalitse. Kuwonjezera mphamvu mpaka khungu lituwe sikukongoletsa munthu, kumangochotsa mtundu ndi kusalala kwake, ndipo achibale akaona chithunzicho samuzindikira bwino. Muonetseni pa sikirini chithunzi chowala moyenera, maso akuwala, ndipo ambiri amakhutira.

Diresi yoyera ya ukwati, malaya oyera kapena yunifolomu ya mvano zimapsa msanga nkhope isanawale. Yatsani chenjezo la kamera limene limaphethiritsa malo opserera. Kwezani ambulera n'kuilozetsa kumutu kuti chovala chilandire zotsalira. Pa anthu awiri, wovala zakuda kapena wa khungu loderapo akhale kufupi ndi ambulera, wovala zoyera akhale kutali. Wovala magalasi akamaoneka ambulera m'magalasimo, kwezani sitandi, kapena akweze pang'ono timiyendo ta magalasi kumakutu kuti aweramire pansi.

9. Padzuwa ndi pamphepo

Fulashi ya mabatire anayi siingalimbane ndi dzuwa la masana itadutsa mu ambulera. Padzuwa lamphamvu, pa ISO 100 ndi 1/200, kamera imafuna f/11, ndipo kuti fulashi ifike pamenepo iyenera kukhala pa 1/1 ili pafupi kwambiri. Njira yabwino ndi kulowetsa munthu mumthunzi wa nyumba kapena wa mtengo wothithikana, kumbuyo kukhale kowala, inu n'kuwalitsa nkhope. Pewani mtengo wa masamba apatalipatali, umasiya mawangamawanga pankhope amene fulashi siingawafufute. Dzuwa likapendeka, liikeni kumbuyo kwa munthuyo kuti liwalitse m'mphepete mwa tsitsi ndi mapewa, ambulera ikhale kutsogolo. Pamenepo muli ndi nyali ziwiri mutagula imodzi.

Mukafuna kumbuyo kosungunuka padzuwa, galasi la ND8 pa lenzi limadula ma stop atatu, ndiye f/11 imasanduka f/4 shutter ili pa 1/200 pomwepo. HSS (high-speed sync) imalola shutter kuthamanga kupitirira malire, ndipo TT600 imatha kutero ikamalamulidwa ndi trigger ya Godox, koma mphamvu yambiri imatayika ndipo fulashi imatentha msanga.

Mphepo ndi imene imapha mafulashi ambiri. Ambulera yotambasula imagwira kamphepo kalikonse, sitandi n'kugwa, phazi la fulashi n'kuthyoka. Mangirirani botolo la madzi la malita asanu kapena thumba la mchenga m'munsi mwa sitandi. Nyengo ya mwera pezani munthu woti aigwire, ndipo mukamasamuka pindani kaye ambulera.

10. Mtundu wa kuwala m'nyumba

Fulashi imatulutsa kuwala koyera ngati kwa masana, pafupifupi 5600K. Mababu achikasu amakhala cha m'ma 3000K. Mukaphatikiza, nkhope imatuluka bwino koma kumbuyo kumakhala kwachikasu, kapena mukakonza kumbuyo nkhope imasanduka yabuluu. Matani kapulasitiki ka olenji kotchedwa CTO pamutu pa fulashi, white balance muike pa babu kapena 3200K, ndipo zonse zifanana. Njira ina ndi kuzimitsa mababu ali pafupi ndi munthuyo, kapena kuthamangitsa shutter kufika 1/200 kuti kuwala kwawo kuchepe.

M'chipinda chopanikiza, khoma loyera limagwira ntchito ya ambulera. Lozetsani fulashi kukhoma ili mita imodzi kuchoka pamenepo, munthu aime moyang'anizana nalo chakumbali. Khoma la penti wobiriwira kapena wachikasu lisiyeni, mtunduwo umakwera pakhungu ndipo umavuta kuuchotsa. Denga la malata lopanda siling'i silibweza kuwala kodalirika.

11. Ikakana kuwomba

Yambani ndi zophweka. Onani ngati trigger yalowa mpaka kumapeto ndi kumangidwa, ngati channel ndi gulu zikufanana, ngati gulu A silili pa OFF, ndiponso ngati mabatire a trigger ali ndi moto, pakuti amenewa ndi amene amaiwalika. Ikamawomba pa TEST koma osawomba mukajambula, vuto lili pa kamera: silent shutter, kapena fulashi yaletsedwa mu menyu. Ikamadumpha zithunzi zina, mukujambula isanadzaze, dikirani kanyali kake kayake. Ikamaphonya ili pafupi kwambiri ndi kamera, sinthani DIST pa trigger ya Godox kuchoka pa 1-100m kupita pa 0-30m.

Fulashi yachiwiri mugule mukatha kuneneratu mmene chithunzi chitulukire musanadine. Ntchito yake yoyamba ikhale kumbuyo kwa munthu, mbali yosemphana ndi ambulera, yopanda ambulera, pa gulu B ndi mphamvu yochepa ngati 1/64, kuti tsitsi lakuda lisiyane ndi kumbuyo kwakuda. Muitchinge ndi kapepala kakuda kuti isawombe mu lenzi.

Mwana wakhanda musamuwombe ndi fulashi yopanda ambulera pafupi ndi maso. Fulashi ikawonongeka musaitsegule nokha, m'kati muli capacitor yosunga mavolti pafupifupi 300 ngakhale mabatire atachotsedwa. Pomaliza ntchito tulutsani mabatire musanaisunge, ndipo seti iliyonse ya anayi muilembe nambala kuti izitchajidwa ndi kugwira ntchito pamodzi, osasakaniza akale ndi atsopano.